Sufiyani, Wofufuta wa pa Ulongwe

Ojambula nyimbo amatchuka ndi nyimbo zomwe asunga. Msuweni wanga Sufiyani Nasoro anatchuka ndi zomwe anafufuta. Ndikunena izi ine Dalesi, telala amene ndasoka zovala zaka khumi ndi ziwiri pakhonde la nyumba yomwe iye amajambuliramo pa Ulongwe. Pakati pa makina anga ndi situdiyo yake pali kakhoma ka njerwa imodzi, moti akayetsemula mkatimo ine ndimamva. Bambo ake ndi mayi anga ndi a mimba imodzi. Iye amapita ku mzikiti, ine ku tchalitchi, koma pachisuweni pathu timanyozana tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri zomwe ndilembe panozi ndinamuuza kale pamaso.

Mukalowa mu situdiyo yake lero muona makoma omatidwa matileyi a mazira, ndipo pakati pa matileyiwo, kumbuyo kwa maiki, pali thumba la chimanga lopanda kanthu lokhomedwa ndi misomali inayi. Alendo amaganiza kuti nalonso n'lothandiza kuti mawu asamabwerere. Iye sawatsutsa.

Sufiyani anabadwira ku Utale. Bambo ake ankapikula matemba ndi milamba youma ku Chiuta n'kumagulitsa m'misika, ndipo ankafuna kuti mwana wawo adzalowe pomwepo. Mwanayo nsomba sizinkamukhala mumtima. Sukulu anailekeza Fomu 2, n'kuyamba kumasula mawailesi a anthu, ena n'kuwakonza, ena n'kuwapheratu. Munthu wake ndi wamfupi, wosalankhulalankhula, wa makutu aakulu oimirira. Ine ndimati Mulungu anamukonzeratu kuti mahedifoni asamamugwe.

Anatsegula situdiyo mu 2010 ndi kompyuta yakale ya chimutu chachikulu, maiki imodzi yomangirira ndi mphira wa chubu cha njinga, ndi pulogalamu yopangira nyimbo yomwe anyamata amaitcha Fuluti. Kajambulidwe kake kanali kamodzi. Oimba onse ankazungulira maiki imodziyo, a mawu amphamvu kumbuyo, a mawu ochepa kutsogolo, n'kuimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wina akakhosomola pakati, basi, kuyambiranso. Kwaya ina ya ku Utale inabwereza nyimbo imodzi kakhumi ndi kawiri chifukwa cha mkulu wina wa chimfine, ndipo ine ndinailoweza yonse ndikusoka yunifolomu.

Chomwe chinkabweretsa anthu kwa iye chinali pomalizira. Akaika nyimbo mu memore khadi ya eni ake, ankatseka pulogalamu, ndipo kompyuta inkafunsa ngati isunge zomwe zajambulidwazo. Pamenepo Sufiyani ankadzuka pampando, n'kukhazikapo mtsogoleri wa gululo, n'kumugwiritsa mausi. «Dinani nokha apa, pokana,» ankatero. Mwini nyimbo ankadina. Kenako ankatsegulanso pulogalamuyo kuti aliyense aone kuti mulibe kalikonse. M'kajambulidwe kake kakaleko zinalidi choncho: chomwe sunasunge chinkapita ndithu. Makwaya ankakonda zimenezi chifukwa obena nyimbo a m'misika ankagulitsa nyimbo za anthu eni ake asanazikhazikitse n'komwe. Amayi a dawa, magulu a amayi achisilamu oimba nyimbo za mapemphero, ankazikonda koposa, poti kwa iwo nkhani sinali ya malonda koma ya ulemu. Ankadutsa masitudiyo abwino a ku Liwonde n'kudzapanikizana m'kachipinda kotentha ka msuweni wanga.

Mu 2015 kunabwera Mubarak. Ameneyu anakulira limodzi ndi Sufiyani ku Utale, anavinidwa ku jando limodzi, ankaitanana kuti achimwene ngakhale panalibe ubale wa magazi. Anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito mu situdiyo ina, ndipo zipolowe zothamangitsa alendo zitabuka anabwera pa basi ndi kachikwama kamodzi. M'kachikwamamo munali malaya awiri, laputopu ndi kabokosi kolumikizira maiki. Sufiyani anamulandira ngati mbale wake. Ankagona mu situdiyo, ankadya mbale imodzi ndi ana a Sufiyani. Nanenso ndisabise, ndinamukonda. Anali wansangala, wodziwa kuseketsa, ndipo ankanditchula kuti alamu.

Mvula ya chaka chimenecho inanyenga anthu. Inagwa, anthu anadzala, n'kudula chimanga chili m'mawondo. Pofika pakati pa 2016 njala inali italowa m'nyumba iliyonse. Anthu ankagona pamzere ku depoti ya chimanga n'kubwerako chimanjamanja, madeya anasanduka chakudya chaulemu, mango ankathyoledwa ali anthete n'kuwiritsidwa. Munthu wanjala sasoketsa diresi, sajambulitsanso nyimbo. Ine ndinkangosoka zigamba, Sufiyani ankangopukuta fumbi pa maiki.

Ndi nthawi imeneyo pomwe Mubarak anayamba kumunyengerera. Ankati kajambulidwe ka maiki imodzi n'kachimidzi, mabungwe othandiza anthu pa njala amafuna nyimbo za mauthenga zomveka bwino, ndipo ntchito zoterozo zimapita kwa odziwa pulogalamu yomwe iye anabwera nayo. Sufiyani anakana kwa miyezi iwiri. Ufa utatha m'nyumba, anasinthanitsa kompyuta yake ya chimutu ija ndi chimanga kwa mphunzitsi wina wa ku Balaka, a Blasius. Fuluti inapita nayo limodzi. Mubarak anaika laputopu yake patebulo n'kunena kuti kuyambira lero ndi ya situdiyo.

Ndinamuona msuweni wanga akubwerera ku Sitandade 1 ali ndi imvi ziwiri m'ndevu. Anagula kope la ana asukulu n'kumalembamo chilichonse ndi manambala. Choyamba, tsegula ntchito yatsopano. Chachiwiri, ipatse dzina. Chachitatu, woimba aliyense akhale ndi mzere wakewake. Mu pulogalamu ya ku Joniyi anthu sankaimbanso pamodzi. Aliyense ankalowa yekha, kuvala mahedifoni, n'kuimba motsatira kaphokoso kowerengera nthawi, kaja kongoti ko, ko, ko. Kaphokoso kameneko kanandilowa m'mutu mpaka phazi langa linayamba kupalasa makina motsatira iko.

Poyamba ankatukwana chamumtima. Ankafuna batani lomwe analizolowera n'kupeza lili kwina, kapena kulibiretu. Tsiku lina anajambula mnyamata wa kwaya kwa ola lathunthu osadziwa kuti sanayatse kabatani kofiira ka pamzere wake. Koma pang'onopang'ono anayamba kuikonda. Anandiitana tsiku lina kuti ndidzaone akuchotsa chifuwa pakati pa nyimbo, ngati mmene ine ndimadulira ulusi wotsalira pamsoko. Ananyadira ngati wabereka mwana. «Ukanakhala nayo kale, mkulu wa chimfine uja sakanatizunza,» ndinatero.

Mubarak anali mphunzitsi wabwino, zimenezo sindingamulande. Anamuphunzitsa kudula, kulumikiza, kukweza mawu a uyu n'kutsitsa a uyo, kuwongola woimba wophonya. Masamba a kope anadzaza. Masana ena ndinalowa kukayesa Mubarak malaya omwe ndinkamuchepetsera, ndipo ndinamva ndi makutu angawa Sufiyani akufunsa funso lomwe linali lalikulu kwa iye kuposa onse.

«Nanga kufufuta, achimwene? Anthu anga aja amabwera chifukwa cha chimenecho.»

«Aa, n'chimodzimodzi,» anatero Mubarak, manja ali m'mwamba ine ndikumuyeza m'khwapa. «Sankhani mizere yonse, dinani batani ili, mutseke osasunga. Basi, zapita.»

Sufiyani analemba m'kope. Inali nambala 41.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunafika amayi asanu ndi awiri a dawa ochokera ku Chiuta. Anakwera lole ya nsomba mpaka ku Liwonde, kenako minibasi. Mtsogoleri wawo anali a Lukiya, mayi wamtali, wowonda, wa zaka za m'ma 40, mkazi wa msodzi wina dzina lake Che Hamisi. Chaka chimenecho msonkhano waukulu wa amayi a dawa unalephereka chifukwa panalibe mudzi wokhoza kudyetsa alendo. Ndiye amayiwa anaganiza zojambula nyimbo yawo yopempha mvula n'kuitumiza pa mamemore kwa anzawo a ku Ntaja ndi kwina, kuti aziipemphera aliyense kwawo. A shehe akwawo ndi Che Hamisi anavomera movutikira, ndipo anaika malamulo atatu: pasakhale zing'wenyeng'wenye, isapite pa wailesi, ndipo kwa wojambula kusatsale kanthu. A Lukiya anawatsimikizira kuti akudziwa munthu wake.

Atauzidwa kuti aziimba mmodzimmodzi, amayiwo anayang'anana. «Iyayi, Che Sufiyani, ife timaimba pamodzi,» anatero a Lukiya. «Ndekha ndiimba bwanji ngati wamisala?»

Mubarak ndi amene anawafotokozera, mwaulemu, m'Chiyao chosalala, kuti pomaliza mawu onse akumana ndipo zimveka bwino kuposa kale. Amayiwo anavala mahedifoni pamwamba pa mipango yawo, akuseka ngati atsikana. Sufiyani anazimitsa ka ko, ko, ko kaja chifukwa kankawasokoneza, n'kuyamba ndi mtsogoleri.

Ndamva anthu ambiri akuimba kudzera pakhoma lija, koma tsiku limenelo phazi langa linaima lokha pa makina. Mawu a a Lukiya anali okhuthala, osathamanga, ndipo poti panalibe wina wowaphimba, unkamva mpaka mpweya wawo. Chiyao ndimachimva pang'ono. Ankapempha Mulungu kuti akumbukire ana, akumbukire nyanja yomwe ikuthawa magombe ake. Atamaliza ndime yoyamba anausa moyo n'kunena chapansipansi kuti «Eeh, mama», ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni, kenako n'kupitiriza. Sufiyani anadzadula kamawu kameneko posakaniza, poti sikanali ka nyimbo.

Mmodzi wa amayiwo anachita chizungulire ali pa maiki. Tinapeza kuti onse chichokereni kwawo anangodya mango owiritsa. Ndinawaphikira phala la madeya, n'kumwa atakhala pakhonde panga.

Chakumadzulo nyimbo inatha, mawu asanu ndi awiri ataphatikizidwa bwinobwino, ndipo inaikidwa m'mamemore anayi. Sufiyani anadzuka pampando monga mwa mwambo wake, n'kukhazikapo a Lukiya. Anasankha mizere yonse, n'kuwasonyeza batani. Anadina ndi chala chimodzi, mwamantha. Mizere yonse inazimiririka, pa laputopu pangoti mbee. Anatseka osasunga.

«Che Sufiyani, zatheratu?» anafunsa a Lukiya. «Ine kwathu ndinaika mutu wanga.»

«Walahi, mama, zatheratu. Kuno sikunatsale kanthu.»

Mubarak anali ataima pakhomo, atapinda manja, akugwedeza mutu kuvomereza. Ndimaona nkhope imeneyo mpaka lero ndipo ndimapsa mtima ngati zachitika dzulo.

Patatha milungu itatu, Mubarak anafika ndi thumba lathunthu la chimanga pa kabaza. Nthawi imeneyo thumba lathunthu linali chinthu choti anthu ankatuluka m'masitolo kudzaliona. Anati mnzake wa ku Blantyre wamutumizira, koma iye mtima sukumupatsa mtendere akakumbukira mayi anachita chizungulire uja. «Ikhale sadaka,» anatero. «Koma mukapereke ndinu, achimwene, amakudziwani ndinu. Mukati zachokera ku situdiyo.» Sufiyani misozi inalengeza. Ana ake omwe ankadya kamodzi patsiku, koma sanatapemo ngakhale kambale. Analinyamula yekha mpaka ku Chiuta, n'kukalitsitsa pakhomo pa a Lukiya masanasana mudzi wonse ukuona. Iwo anagawira amayi anzawo asanu ndi mmodzi aja, lotsala n'kudyetsa ana awo. Ine wopusa ndinamusokera Mubarak thalauza laulere pothokoza.

Sabata yotsatira Mubarak anati akupita ku Blantyre kukaonana ndi bungwe lina za ntchito. Laputopu anaisiya. Anangonyamula kachikwama kake ndi fulashi yomwe inkalendewera pa makiyi.

Nyimboyo tinaimva mu Disembala, Lachinayi lina cha m'ma 11 koloko m'mawa. Inayamba kumveka mu minibasi yomwe inaima pasiteji, ndipo isanathe, bala ya kutsidya kwa msewu inali itaiika kale pa sipika yake yaikulu. Biti yake inali yogunda m'chifuwa. Mnyamata wina ankalankhula mothamanga za mowa ndi ziuno za atsikana, ndiye pofika pa kolasi panalowa mawu a mayi, m'Chiyao, atawathamangitsa pang'ono kuti agwirizane ndi biti. Sindinachedwe kuwazindikira. Sufiyani anatuluka mu situdiyo mahedifoni ali m'khosi, n'kuima pakhonde kukamwa kuli yasa.

«Memore yawo ina yagwera m'manja mwa obena,» ndinatero, pofuna kumulimbitsa mtima.

Ankamvetsera ndi makutu ake aakulu aja. Kolasi itabweranso, biti inaduka kamphindi, ndipo m'kachetechete kameneko munamveka kuusa moyo ndi kamawu kaja, «Eeh, mama», biti n'kugweranso. Anyamata a pabala anakuwa chifukwa pamenepo ndi pomwe pankawakomera.

Sufiyani anakhala pansi pasimenti, pafupi ndi mapazi anga. «Dalesi, kameneko mu memore mulibe. Ndinakadula ndekha. Komanso awa ndi mawu awo okha, opanda anzawo.» Kenako anati, «Koma ndinafufuta. Unalipo. Ndinafufuta.»

M'mawa mwake tinatseka, tonse awiri, n'kunyamula laputopu ija kupita nayo ku Balaka kwa a Blasius, mphunzitsi uja anatenga kompyuta yakale, poti amaphunzitsa za makompyuta ku sekondale. Sufiyani anawasonyeza nambala 41 m'kope. A Blasius sanatsegule n'komwe pulogalamuyo. Analowa kwina, anadina kawiri katatu, n'kutsegula foda yomwe Sufiyani anali asanaionepo. Munali mndandanda wautali. Anadina pamodzi, ndipo a Lukiya anayamba kuimba m'chipinda chochezera cha a Blasius, okhaokha, mpaka kuusa moyo kuja. Munalinso amayi ena aja aliyense payekha, ndi wina aliyense amene anajambulidwa chisinthireni pulogalamu.

«Iyi imalemba mawu mu foda nthawi yomweyo mukujambula,» anatero a Blasius. «Anaipanga dala choncho kuti munthu asataye ntchito mwangozi. Zomwe mumafufuta pamwamba paja ndi zithunzi chabe zosonyeza pomwe mawu ali. Mawu enieniwo amakhala muno.»

«Munthu woti waigwiritsa ntchito zaka zisanu ndi chimodzi angakhale osadziwa zimenezi?» ndinafunsa ine.

A Blasius anandiyang'ana mwachisoni. «Mayi, zimenezi munthu amazidziwa sabata yoyamba.»

Mubarak anayankha foni kamodzi kokha. Sufiyani anaika mokweza kuti nanenso ndimve. Sanakane, sanachitenso manyazi. «Achimwene, mawu ngati amene aja angofera m'mamemore anayi a azimayi? Dziko lonse likuvina panopa. Komanso chimanga sanadye? Laputopu sindinakusiyireni? Palibe amene ndamubera.» Sufiyani anangoti, «Tinali ku jando limodzi, Mubarak.» Foni inaduka, ndipo nambala imeneyo sinapezekenso. Pamenepo ndi pomwe tinamvetsa kuti thumba lija silinali sadaka. Munthuyo anagula mawu a mayi wa eni osamuuza kuti akugula, n'kutuma msuweni wanga kukapereka malipirowo ndi manja ake.

Ku Chiuta nyimbo inafika ndi anyamata a njinga zamoto. Anthu sanavutike kuwerengera. Mayi anapita ku situdiyo, patapita masiku kunabwera thumba la chimanga kuchokera ku situdiyo komweko, kenako mawu ake akuvinidwa m'mabala. A Lukiya anachotsedwa pa utsogoleri wa dawa. Amayi omwe anadya nawo chimangacho anayamba kunena kuti akanadziwa sakanalandira. Che Hamisi, amene anawaikira kumbuyo pamaso pa a shehe, anapinda maukonde awo n'kubwerera kwawo, kuwasiya ndi ana anayi.

Sufiyani anapita komweko Lachisanu lina. Atatha mapemphero anapempha kulankhula, n'kuima panja pa mzikiti laputopu ili m'manja, kufotokozera asodzi kuti chinthu chikhoza kufufutidwa koma n'kukhala chilipobe. Anandiuza kuti anamumvetsera mwaulemu mpaka kumaliza. Kenako mkulu wina anafunsa mafunso awiri. Analumbira kuti sikunatsale kanthu ndani? Anabweretsa thumba ndani? Mayankho onse awiri anali iye. Ena anamukhulupirira, ambiri anaganiza kuti iye ndi a Lukiya anapangana ndipo tsopano akukankhira mlandu kwa munthu amene kulibe. A Lukiya tsiku limenelo sanatuluke m'nyumba.

Anabwerako wosintha. A Blasius anamuphunzitsa kufufuta kwenikweni, kulowa mu foda, kutaya mawu, n'kukakhuthulanso komwe zotayidwa zimakadikira. Anang'amba tsamba la nambala 41 n'kulemba lina. Ntchito za mabungwe zomwe Mubarak ankalonjeza sizinabwere. Makwaya anabwerera pang'onopang'ono chimanga chitacha, koma amayi a dawa sanapondenso pakhomo pake, ngakhale gulu limodzi. Mpaka lero amakhazikabe mwini nyimbo pampando, koma salumbiranso. Amati, «Ndafufuta mpaka pomwe ndikudziwa ine.»

A Lukiya anabwera kamodzi, mu Febuluwale, chimanga chili ngayaye m'minda koma anthu akadali ndi njala. Anafika okha chakum'mawa. Poyamba sindinawazindikire chifukwa anali atatha. Anandipatsa moni, n'kulowa mu situdiyo, ine n'kuwatsatira osaitanidwa. Sufiyani anadzuka msangamsanga mpaka mpando unagwa.

Anamasula kansalu, n'kutulutsa thumba lija. Linali lochapidwa, lopindidwa bwino ngati nsalu ya ku ukwati. Analiika pamwamba pa laputopu, ndipo pamwamba pa thumbalo anaikapo memore khadi yawo.

«Chimanga tinadya, Che Sufiyani, sindingabweze,» anatero. «Thumba lanu ndi ili.»

«Mama, ndikhululukireni. Ine sindimadziwa. Taonani, ndikusonyezeni, panopa ndaphunzira, ndachotsa zonse, olo mutayang'ana paliponse...»

A Lukiya anakweza dzanja n'kumudula mawu. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

«Ndinamva zomwe munakanena ku mzikiti. Ine ndikukukhulupirirani, simunagulitse. Ndabwera ndi funso limodzi. Tsiku lija munati walahi, mumadziwa kuti zatheratu?»

«Iyayi, mama. Ndinangouzidwa.»

«Ndiye munalumbiriranji chinthu chongouzidwa? Mukanati simukudziwa bwino, ine ndikanaimba ndi anzanga pamodzi ngati kale, kapena ndikanabwerera osaimba.»

Ndinawafunsa a Lukiya ngati amwe tiyi, anakana. Ndinafunsa, mopusa, ngati akuimbabe. Anandiyang'ana n'kumwetulira pang'ono. «Ndikatsegula pakamwa ana amamalizitsa ndi zija za m'bala. Ngakhale mwana wanga wamng'ono amavina. Ndinasiya, achemwali.»

Ndinawaperekeza kusiteji. Sufiyani anatsalira atagwira thumba lija m'manja, ndipo tisanawoloke msewu ndinamva nyundo ikugogoda pakhoma. Pasiteji panali minibasi ya ku Liwonde ikudikira kudzaza, wailesi ili pamwamba, ndipo nyimbo yake inali yomweyo, chifukwa miyezi imeneyo kunalibenso ina. A Lukiya anaima. Ndinawagwira mkono kuti tidikire ina, koma anati ina ikhalanso chimodzimodzi, ndipo kwawo n'kutali.

Kondakitala anali mnyamata wansangala. Anatithamangira akuvina ndi mapewa, akuimba motsatira kolasi m'Chiyao chopotoka. Biti itaduka anakweza chala m'mwamba n'kufuula limodzi ndi wailesi, «Eeh, mama!» Kenako anatsegula chitseko n'kumenya pampando.

«Lowani, mayi, lowani! Khalani apa pafupi ndi sipika, muimve bwino.»

A Lukiya anakokera mpango wawo kumaso, n'kulowa, n'kukhala pomwe anawalozerapo.